Lisiti limodzi, ana awiri

 Pepani ndakhala chete kwa nthawi ndithu. Teremu ino yandipanikiza ndi kuchonga, ndipo mukudziwa kuti ine ndimalemba usiku ana akagona. Chandidzutsa ndi uthenga umene ndinalandira pa WhatsApp sabata yatha kuchokera kwa mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa kalekale. Pano ndi mayi wa ana ake ndipo akugwira ntchito ku bungwe lina lothandiza alimi. Dzina sinditchula, akawerenga adzizindikira yekha.

Analemba chonchi: "Sala, ndithandizeni. Tinagawa mbewu kwa alimi ndipo matumba amene anatuluka ndikuwadziwa. Koma ndikaphatikiza tebulo la alimi ndi tebulo la maulendo a alangizi mu Power BI, mbewu ikuchuluka kuposa imene tinagula. Abwana akufuna lipoti Lachisanu. Kodi mbewu inayo kompyuta ikuitenga kuti?"

Ndinaseka ndekha. Kenako kusekako kunatha, chifukwa ndinakumbukira kuti vuto la mtundu womwewu, losamvetsa mmene tebulo lina limakhalira pa ubale ndi linzake, linabweza mwana wa eni ake kumudzi mu 2008, ndipo amene analakwa ndinali ine. Nkhani imeneyi sindinaikambepo poyera. Ndimuyankha mtsikanayu kumapeto, koma mundilole ndiyambire kutali.

Mu 2007 sukulu imene ndinkaphunzitsa nthawi imeneyo inalandira mphatso ya makompyuta akale angapo, a Windows XP ndi Office 2003. Ine ndine wa masamu. Koma popeza ndinali ndekha wotha kutayipa ndi zala zoposa ziwiri, ahedi anandiitana nkundiuza kuti, "Aphunzitsi, makiyi a chipinda chija ndi awa." Ndi mmene ndinakhalira mphunzitsi wa kompyuta. Zambiri ndinkaziphunzira usiku nkukaziphunzitsa mawa lake, ndipo inu a gulu loyamba lija mundikhululukire pa zimene ndinakuphunzitsani mokhota.

Ntchito yoyamba imene ndinadzipatsa inali ya malikisi. Ndinatopa ndi kuwerengera pamanja malipoti a ana ambirimbiri, ndiye ndinaika zonse mu Excel. Mphunzitsi aliyense ankandipatsa malikisi a phunziro lake, ine nkuwakoka ndi VLOOKUP pofufuza dzina la mwana. Zinayenda bwino mpaka tinafika pa Fomu 2, mmene munali atsikana awiri a dzina limodzi ndi mfunda umodzi. Sizachilendo kuno kwathu kumene ukaponya mwala pa msonkhano umagwera Banda kapena Phiri. Tsono VLOOKUP ili ndi khalidwe lake: ikapeza dzina loyamba lofanana imaima pomwepo, sipitirira kukaona ngati pali lina pansi. Mtsikana wachiwiri analandira malikisi onse a woyamba. Mwayi unalipo woti madamu oyang'anira kalasilo anazindikira malipoti asanatuluke, chifukwa ankadziwa kuti mmodzi mwa awiriwa masamu ankamuvuta kwambiri ndipo sakanapeza zimene zinalembedwazo.

Amene anandiphunzitsa mankhwala ake sanali wa kompyuta ayi. Anali abambo ena achikulire a Jogalafe amene anatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Ananditengera ku ofesi nkutsitsa buku lalikulu lija lolemberamo ana akamalowa sukulu, la chikuto chong'ambika. "Taonani apa," anatero. "Mwana aliyense ali ndi nambala yake. Wina akachoka, nambala yake sitipatsa wina. Mayina amafanana, manambala safanana." Patapita miyezi ndinapeza kuti mabuku a kompyuta chinthu chomwechi amachitcha primary key: kolamu imene sibwereza, siikhala yopanda kanthu, ndipo sisinthasintha. Ndi chifukwa chake MANEB imapatsa mwana aliyense nambala ya mayeso, ndipo ndi chifukwa chake chitupa cha unzika chimene National Registration Bureau inalembetsa anthu ambirimbiri mu 2017 chili ndi nambala yakeyake. Dzina si lodalirika. Lero mwana alemba Chimwemwe, mawa Chimwemwie, mkuja wasintha watenga dzina la bambo omupeza.

Nditasamukira ku Microsoft Access ndinachita zimene aliyense wochokera ku Excel amachita. Ndinamanga tebulo limodzi lalikulu ngati nkhokwe nkuthiramo chilichonse: nambala, dzina, kalasi, kholo, mudzi, Chichewa teremu 1, Chichewa teremu 2, Masamu teremu 1, mpaka makolamu anatuluka kunja kwa sikirini. Theka la mabokosi linali lopanda kanthu chifukwa si ana onse amene ankatenga maphunziro onse. Chaka chitatha ndinasowa poika malikisi atsopano popanda kuwonjezera makolamu ena. Ndipo bambo wina amene anali ndi ana atatu pasukulupo atasamuka mudzi, ndinakonza m'mizere iwiri nkuiwala wachitatu, moti database yanga inkanena kuti munthu mmodzi akukhala malo awiri.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake timagawa matebulo. Chinthu chilichonse chikhale ndi tebulo lake, ndipo mfundo iliyonse ilembedwe kamodzi, malo amodzi. Ophunzira paokha, makalasi paokha, maphunziro paokha. Kugawako sikuvuta. Chovuta ndi kulumikizanso zimene wagawazo.

M'kalasi ndimayamba ndi mayi ndi ana ake. Mayi mmodzi akhoza kubereka ana ambiri, koma mwana aliyense ali ndi mayi mmodzi womubereka. Ndikafunsa kuti ubalewu tiulembe pati, ana ambiri amati tiulembe pa mzere wa mayi: Mwana 1, Mwana 2, Mwana 3. Ndiye ndimafunsa kuti tilekezere pati? Agogo anga anabereka khumi ndi mmodzi. Tikaika makolamu asanu, wachisanu ndi chimodzi agona panja. Tikaika makumi awiri, ambiri akhala opanda kanthu. Koma tikatembenuza, nkulemba nambala ya mayi pa mzere wa mwana aliyense, kolamu imodzi yokha ikwanira, kaya ana ndi awiri kaya ndi khumi. Nambala ya mayi ikakhala pa mzere wa mwana imatchedwa foreign key, ndipo nthawi zonse imakhala ku mbali ya ochulukawo. Mu Access mumakoka primary key ya tebulo lina nkuiponya pa foreign key ya linzake, ndipo mukachonga kabokosi ka Enforce Referential Integrity pamaoneka mzere wokhala ndi 1 mbali imodzi ndi 8 wogona chammbali mbali inayo. Kuchokera pamenepo Access imakana kulemba mwana amene nambala ya mayi ake mulibe m'tebulo la amayi. Mabuku a Chingerezi mizere yotere, yoloza kholo limene kulibe, amaitcha ana amasiye. Mawu amenewo ine ndinasiya kuwanena m'kalasi. Ana amasiye enieni amakhala atakhala patsogolo panga.

Nanga malikisi? Mwana mmodzi amatenga maphunziro ambiri, ndipo phunziro limodzi limatengedwa ndi ana ambiri. Ochuluka ali mbali zonse ziwiri, ndiye foreign key ilibe poti ikhale. Izi zinandizunguza mutu sabata zingapo mpaka tsiku lina ndili mulaibulale ndinayang'ana buku lobwereketsera. Ana ali ndi mndandanda wawo, mabuku ali ndi wawo, koma pali buku lachitatu pakati mmene mzere uliwonse umati: mwana uyu, buku ili, tsiku lakuti. Tsiku lobwereka si la mwana, komanso si la buku. Ndi la kukumana kwa awiriwo. Malikisi nawo ndi chimodzimodzi. 64 imene mwana wapeza si ya mwana yekha, chifukwa ali ndi malikisi ena m'maphunziro ena. Si ya Masamu okha, chifukwa anzake apeza zina. Ndi ya mwana uyu, mu phunziro ili, teremu ino, chaka chino. Choncho pamafunika tebulo lachitatu pakati, lonyamula nambala ya mwana, nambala ya phunziro, teremu, chaka ndi malikisiwo. Gulu lina la Fomu 4 linalipatsa tebulo lapakatili dzina loti nkhoswe, poti limaima pakati pa mbali ziwiri nkumasunga nkhani za onse, ndipo dzinalo ndikuligwiritsabe ntchito.

Chondichititsa manyazi nchakuti zonsezi ndinkaziphunzitsa kale m'masamu. Mmawa ndinkajambula pa bolodi mazira awiri ndi mivi yochoka kwina kupita kwinako, nkumauza ana kuti iyi ndi one-to-one, iyi many-to-one, iyi many-to-many. Masana ndikakhala pa kompyuta sindinkaona kuti ndi chinthu chomwecho. Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti amene anayambitsa kasungidwe kameneka analinso wa masamu: Edgar F. Codd, Mngelezi amene anaphunzira ku Oxford nkukagwira ntchito ku IBM ku San Jose, California. Mu 1970 anasindikiza nkhani yotchedwa A Relational Model of Data for Large Shared Data Banks, ndipo mu 1981 analandira mphoto ya Turing chifukwa cha ntchito imeneyi. Kwa zaka zambiri ndinkauza ana kuti timati relational database chifukwa matebulo ali pa ubale. Ndinkawanamiza mosadziwa. Kwa Codd mawu oti relation akutanthauza tebulo lenilenilo, monga mmene timawagwiritsira ntchito m'masamu a ma set. Zojambula mabokosi ndi mizere ya ubale zinatchuka ndi Peter Chen mu 1976. Kajambulidwe kamene ine ndimakakonda ndi kaja kamene mbali ya ochuluka imathera ndi timizere titatu ngati phazi la khwangwala, poti ana sakaiwala.

Pofika 2008 ndinkadziona ngati katswiri. Malipoti ankatuluka bwino, aphunzitsi anzanga ankandiyamikira, ndipo ahedi anapempha kuti ndiikemonso za fizi. Ndinamanga tebulo la malipiro madzulo amodzi okha. Nambala ya lisiti inali primary key, kenako tsiku, ndalama, ndi nambala ya mwana ngati foreign key. Ndinadzifunsa funso limodzi: mwana mmodzi angakhale ndi malisiti angati? Ambiri, poti makolo ambiri ankalipira pang'onopang'ono. Ndinakoka mzere wanga, 1 kwa mwana, 8 wogona kwa malisiti, nkuzimitsa kompyuta. Funso lobwerera, loti lisiti limodzi lingakhale la ana angati, sindinalifunse. Ndinangoganiza kuti yankho lake ndi lodziwikiratu.

M'teremu yachiwiri, nyengo yozizira, kunabwera abambo ena atagulitsa fodya. Pasukulupo anali ndi ana awiri: mnyamata wawo wa Fomu 3, ndi mtsikana wa Fomu 2, mwana wa malemu mlongo wawo. Analipira fizi ya onse awiri pakamodzi. Akalaliki athu, mayi wokhulupirika amene anagwira ntchitoyo zaka zambiri kompyuta isanabwere, analemba lisiti limodzi nkuikapo mayina onse awiri, monga ankachitira nthawi zonse. Atafika pa fomu yanga ya pa kompyuta anapeza bokosi limodzi lokha la nambala ya mwana. Analemba theka la ndalama pa mnyamata. Atayesa kulemba theka linalo pa mtsikana ndi nambala ya lisiti yomweyo, Access inakana, chifukwa primary key sibwereza.

Anabwera kwa ine ku sitafu. Ndikukumbukira bwino, ndinali ndi mulu wa makope patsogolo.

"Aphunzitsi, chinthu chanu chija chikukana lisiti."

Sindinadzuke nkomwe. "Ikakana ndiye kuti lisiti limenelo munalilemba kale, mayi. Ikukutetezani inu nomwe."

Anaima pang'ono ngati akufuna kunenanso kanthu, kenako anapita. Chimene anachita nchakuti anaika ndalama zonse pa mnyamata, kuti ndalama za m'kompyuta zifanane ndi za m'bokosi, nkusunga mumtima kuti mtsikanayo ndi wolipiridwa. Ine sindiwaimba mlandu ngakhale pang'ono. Ndinawapatsa bokosi limodzi pa nkhani yofuna mabokosi awiri, ndipo atabwera kudzandiuza ndinawabweza.

Patapita masabata angapo akalalikiwo anapita ku maliro kwawo, kutali. Sabata yomweyo ahedi anafuna mndandanda wa ana a ngongole. Kale akanadikira akalaliki abwere. Koma tsopano panali kompyuta, ndipo ndinautulutsa m'mphindi ziwiri, monyadira. Dzina la mtsikana uja linalipo. Linawerengedwa pa asembule pamodzi ndi ena onse.

Mwanayo sanangochoka. Anapita ku ofesi kukanena kuti amalume ake analipira. Atafunsidwa lisiti anati lili ndi amalumewo kumudzi. Ahedi anandiitana, ndinatsegula mzere wake, ndipo panalibe lisiti ngakhale limodzi. Mwanayo anati, "Sala, analipira limodzi ndi za achimwene." Ndinamva mawu amenewo ndi makutu angawa. Zikanangotengera kutsegula mzere wa mnyamatayo nkuona kuti ali ndi ndalama zowirikiza kawiri. Koma query yanga inkangofufuza amene ali ndi ngongole, osati amene alipira mopyola, ndipo mutu wanga unali utazolowera kufufuza zomwezo. Ndinauza ahedi mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira ndimamva kutentha kumaso: "Kompyuta sinama."

Mtsikanayo anapita kwawo. Anajomba masiku asanu ndi anayi a sukulu, chifukwa amalumewo anali atachokapo, ndipo atabwera anayenera kupeza kaye ya thiransipoti ya mwanayo. Iwo anabwera pa njinga. Anafika mmawa, fumbi lili mbuu m'miyendo, nkutulutsa lisiti m'kapepala ka pulasitiki ka shuga, lopindidwa kanayi. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Analiyala pa tebulo la ahedi nkuloza ndi chala mayina awiri aja.

"Aphunzitsi, ine sukulu sindinapite nayo patali," anatero akuyang'ana ine, poti anali atauzidwa kuti wa makina ndine. "Koma apa ndikuona mayina awiri. Makina anuwo akuona angati?"

Ndinayankha kuti akuona limodzi.

"Nanga anawauza ndani kuti aziona limodzi?"

Funso limenelo linalibe kothawira. Ndinapepesa kwa iwo, ndinapepesa kwa ahedi, ndipo akalaliki atabwera ndinapepesanso kwa iwo. Kwa mwanayo ndinangoti panali kulakwitsa ku ofesi. Sindinamuuze kuti ofesiyo ndinali ine.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Ine ndemwe fizi yanga ya kusekondale ankalipira ndi amalume, pamodzi ndi ya ana awo, tsiku limodzi, kuchokera m'thumba limodzi. Kwathu mwini mbumba kusamala ana a mlongo wake si nkhani yodabwitsa. Ndinkadziwa bwinobwino kuti munthu mmodzi amalipirira ana angapo, komanso kuti mwana mmodzi amalipiriridwa ndi anthu angapo: teremu ino amalume, teremu inayo achemwali a ku Johannesburg, ina mpingo. Koma pokoka mzere uja sindinayang'ane mudzi umene ndinakuliramo. Ndinayang'ana chitsanzo cha m'buku cha kasitomala mmodzi ndi maoda ake ambiri, nkusintha mayina basi. Access ya nthawi imeneyo inkabwera ndi database yachitsanzo yotchedwa Northwind, ndipo ngakhale mmenemo munali tebulo lapakati la Order Details, pakati pa maoda ndi katundu. Ndinaliona kangapo osadzifunsa kuti likutani pamenepo.

Kukonza kwake kunatenga Loweruka limodzi. Lisiti ndi mwana ndi ochuluka mbali zonse, ndiye pankafunika nkhoswe. M'tebulo la malisiti ndinachotsamo nambala ya mwana, munatsala nambala ya lisiti, tsiku, wolipira ndi ndalama zonse. Ndinamanga tebulo latsopano la magawo, mmene mzere uliwonse umati: lisiti ili, mwana uyu, ndalama zakuti. Lisiti la amalume aja linakhala ndi mzere umodzi m'tebulo la malisiti ndi mizere iwiri m'tebulo la magawo. Apa primary key ndi makolamu awiri pamodzi, nambala ya lisiti ndi nambala ya mwana, kotero lisiti likhoza kubwereza, mwana akhoza kubwereza, koma awiriwo pamodzi sabwereza. Pali chinthu chimodzi chimene mizere ya ubale siingakuchitireni: siiona ngati magawo akukwana ndalama za pa lisiti. Ndinalemba query ina yoonetsa lisiti lililonse limene magawo ake sakufanana ndi ndalama zake, ndi inanso yoonetsa ana olipira mopyola. Tsiku loyamba kuiyendetsa yachiwiriyi inatulutsa mabanja ena awiri amene anali m'njira yomweyo.

Nditatsegula maso ndinaona kuti mizere inanso inali yokhota. Kholo ndinali nditaliika ngati kolamu pa mzere wa mwana, ngati kuti mwana aliyense ali ndi womuyang'anira mmodzi. Nalonso linafuna nkhoswe, yokhala ndi kolamu yonena kuti munthuyu ndi ndani kwa mwanayu: mayi, malume, agogo, azakhali. Kalasi nayo inandipusitsa. Ukafunsa kuti mwana ali m'makalasi angati, yankho ndi imodzi, koma ndi imodzi chaka chino. Ndikasintha Fomu 2 kukhala Fomu 3 pa mzere wa mwana, malipoti ake onse akale ankayamba kunena kuti anali Fomu 3 kuyambira kale, ndipo wobwereza kalasi sankadziwika kuti anabwereza. Choncho pa mafunso awiri aja, lopita ndi lobwerera, ndinawonjezera lachitatu: kodi yankholi ndi la lero lokha, kapena la zaka zonse zinayi? Ndikuchenjezeninso za kabokosi ka Cascade Delete Related Records kamene kali pansi pa ka referential integrity. Mukakachonga nkufufuta mwana amene wasamuka, malikisi ake onse ndi magawo ake onse a fizi amapita naye limodzi, ndipo Undo sangawabweze. Mwana wochoka safufutidwa. Mumangolemba tsiku limene wachoka, monga ankachitira abambo a Jogalafe aja m'buku lawo.

Tsopano ndibwerere kwa iwe wa mbewu. Ndinakuimbira kale, koma ndilembenso pano chifukwa ndikudziwa kuti si iwe wekha. Tebulo lako la alimi lili ndi mzere umodzi pa mlimi aliyense, ndipo pa mzere umenewo pali makilogalamu amene analandira. Tebulo la maulendo lili ndi mzere umodzi pa ulendo uliwonse wa mlangizi. Mlimi mmodzi, maulendo ambiri. Iwe unawaphatikiza ndi Merge kukhala tebulo limodzi, ndiye mzere wa mlimi unakopedwa pa ulendo uliwonse. Tiyerekeze kuti mlimi analandira makilogalamu 10 nkuyenderedwa katatu: m'tebulo lophatikizalo 10 uja akuoneka katatu, ndipo ukawonkhetsa ukupeza 30. Mbewu inayo siikuchokera kwina kulikonse, ndi yomweyo yowerengedwa mobwereza. Usawaphatikize. Asiye akhale matebulo awiri, uwalumikize ndi nambala ya mlimi, 1 kwa alimi, nyenyezi ija kwa maulendo, ndipo makilogalamu uziwonkhetsa kuchokera m'tebulo la alimi. Musanachite chilichonse, iwe ndi aliyense wowerenga, tengani tebulo lililonse mumalize chiganizo ichi mokweza: "Mzere umodzi m'tebulo ili ukuimira..." Mukakanika kuchimaliza ndi chinthu chimodzi, musakoke mzere uliwonse.

Unandiuzanso kuti utayesa kulumikiza, Power BI inakuchenjeza kuti ubalewo ndi many-to-many. Access salola nkomwe ubale wotero popanda tebulo lapakati, pamene Power BI imalola utavomera chenjezolo. Usavomere msanga. Chenjezo limenelo likukuuza kuti nambala ina ikubwereza m'tebulo la alimi, mmene siyenera kubwereza. Mwina mlimi wina analembedwa kawiri, mwina alimi awiri anapatsidwa nambala imodzi, mwinanso pali alimi amene ali m'makalabu awiri ndipo analembedwa kamodzi ku kalabu iliyonse. Zitatuzi makonzedwe ake ndi osiyana, ndipo kompyuta singakuuze kuti ndi iti. Amene angakuuze ndi mlangizi amene amayenda m'midzimo. Mufunse, ndipo akayamba kufotokoza umusiye amalize.

Mtsikana wa lisiti uja anabwerera, anakopera manotsi kwa anzake, ndipo mayeso a teremu imeneyo sanakhoze monga ankakhozera. Anadzalemba MSCE patapita zaka ziwiri, ine nditasamutsidwa kale, ndipo ndinamva kuti anakhoza. Ngati ukuwerenga, mwanawe, amene analakwa tsiku lija sanali akalaliki, sanalinso ahedi. Unandiuza zoona nditakhala pa mpando, ine nkukhulupirira tebulo langa. Pepa.

Lachiwiri likubwerali ndili ndi Fomu 4 mapiriyodi awiri otsatizana. Ndawauza kuti tsiku limenelo makompyuta sitiyatsa. Aliyense abwere ndi pensulo ndi pepala lalikulu, ndipo tikayambira ku ofesi ya akalaliki, amene avomera kutipatsa theka la ola ndi mabuku awo akale a malisiti.